Liwu la Mlembi: Kulemba Monga Inu Mwini, Osati Motsanzira Alembi Otchuka

Mawu otsogolera

M'mitu yapitayi mwakhala mukusanthula nkhani, ndakatulo ndi masewero a alembi osiyanasiyana. Mwaphunzira za apangankhani, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu komanso zipangizo zimene alembi amagwiritsa ntchito monga chifanifani, chiyerekezo, umunthu ndi chibwereza. Tsopano yafika nthawi yoti nanunso mugwire cholembera. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwa m'mbuna imodzi. Akauzidwa kuti alembe ndakatulo, amalemba ngati mlakatuli amene amamumva pa wailesi. Akauzidwa kuti alembe nkhani yopeka, amayamba ndi chiganizo chimene adachiona m'buku lina n'kumaliza ndi mwambi umene anzawo makumi anayi a m'kalasimo amalizira nawonso.

Pomaliza pa mutu uno muyenera:
a. kufotokoza tanthauzo la liwu la mlembi
b. kusiyanitsa kuphunzira kwa mlembi wina, kutsanzira ndi kuba ntchito ya mwini
c. kusonyeza kumene alembi ena otchuka adatenga kalembedwe kawo
d. kulemba ndime yochokera pa zimene mwaona ndi kumva nokha

Kodi liwu la mlembi n'chiyani?

Mnzanu akakuitanani usiku kunja kuli mdima wa ndiweyani, mumamuzindikira musanamuone nkhope. Chimene chimakuuzani kuti ndi uje ndi liwu lake. Zolemba nazonso zili ndi liwu. Munthu wozolowera kuwerenga akhoza kupatsidwa ndime yopanda dzina la mlembi koma iye n'kunena kuti walemba ndi wakutiwakuti. Liwu la mlembi ndi kalembedwe kamene kamamusiyanitsa iye ndi alembi ena onse.

Liwuli limapangidwa ndi zinthu zinayi.

Choyamba ndi kasankhidwe ka mawu. Pofotokoza munthu amene akuyenda, mlembi wina anena kuti "akuyenda," wina ati "akukhwekhwereza mapazi," pamene wina ati "akunyang'wa." Mawu aliwonse mwa awa akupereka chithunzithunzi chosiyana.

Chachiwiri ndi kaumbidwe ka ziganizo. Alembi ena amakonda ziganizo zazitali zoyenda modekha ngati gogo akusimba nthano pamoto. Ena amakonda zazifupi zothamanga.

Chachitatu ndi zinthu zimene diso la mlembiyo limagwerapo. Anthu awiri akalowa mumsika umodzi, wina aona mitengo ya zinthu pamene mnzake aona mwana amene wagona pansi pa benchi ya tomato ya amayi ake.

Chachinayi ndi mtima umene mlembi amaonera nawo apangankhani ake. Wina amawaseka, wina amawamvera chisoni, wina amawaweruza.

Onani kuti pa zinthu zinayizi, ziwiri zoyamba zokha ndi zimene munthu angathe kutengera kwa mnzake. Diso ndi mtima sizibwerekeka. N'chifukwa chake nkhani yotsanzira imamveka ngati mgolo wopanda kanthu: mawu alipo koma mwini wake mulibemo.

N'chifukwa chiyani ophunzira amatsanzira?

Chifukwa choyamba ndi mantha. Wophunzira amaopa kuti zimene iye akudziwa n'zachabechabe, zosayenera kulowa m'buku. Amaganiza kuti nkhani yeniyeni ya Chichewa ndi yokhayo yochitikira kumudzi, ya mfumu ndi nduna zake pabwalo, kapenanso ya mbava za mfuti zothamangitsana pa galimoto monga za m'mafilimu. Zapakhomo pake amaziona ngati si nkhani.

Chifukwa chachiwiri ndi kufuna kutchuka msanga. Mlakatuli wina akatchuka, monga momwe Robert Chiwamba adatchukira ndi ndakatulo zake zoseketsa koma zodzudzula, kapena momwe Benedicto Wokomaatani Malunga adadziwikira ndi Chichewa chake chozama, wophunzira amaganiza kuti chinsinsi chagona pa kakwezedwe ka mawu kapena pa mawu ovuta. Amaiwala kuti anthu adali kale ndi mlakatuli ameneyo ndipo sakusowa wachiwiri wofanana naye.

Chifukwa chachitatu ndi ulesi. Kuona chinthu mwachidwi n'kuchipezera mawu oyenera ndi ntchito yolemetsa. Kutola chifanifani chimene chidagwiritsidwa kale ntchito kambirimbiri n'kosavuta. Koma akuluakulu adati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Kalembedwe kobwereka kamakuthandizani pa ndime imodzi kapena ziwiri, kenaka mumasowa chonena chifukwa mwini kalembedweko sadakuuzeni chotsatira.

Kuphunzira, kutsanzira ndi kuba

Zinthu zitatuzi n'zosiyana ndipo muyenera kuzisiyanitsa bwino.

Kuphunzira kwa mlembi wina ndi kufufuza mmene iye wachitira chinthu ndi chifukwa chimene wachitira choncho, kenaka n'kugwiritsa ntchito nzeruyo pa nkhani yanu. Mwachitsanzo, mwaona kuti mlembi wina sanena kuti mpangankhani wakwiya koma amangoonetsa zimene akuchita ndi manja ake. Inu mukatenga luso limeneli n'kuligwiritsa ntchito pa apangankhani anu, mwaphunzira. Palibe mlembi amene adabadwa akudziwa kulemba. Onse adayamba ndi kuwerenga ndi kumvera anzawo.

Kutsanzira ndi kutenga maonekedwe a kalembedwe ka wina popanda kumvetsa chifukwa chake. Mumatenga kayambidwe kake, miyambi yake yapamtima, ngakhale mayina ofanana ndi a apangankhani ake. Kutsanzira si mlandu, ndipo poyamba kumathandiza monga momwe mwana amaphunzirira kuyankhula pobwereza mawu a amake. Vuto limabwera munthu akakhazikika pomwepo osafunanso kukula.

Kuba ndi kutenga ziganizo, mizere ya ndakatulo kapena nkhani yonse ya mwini n'kulembapo dzina lanu. Uwu ndi mlandu. M'dziko muno muli lamulo loteteza ntchito za alembi, oimba ndi aluso ena, limene lidakhazikitsidwa mu 1989 ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Bungwe la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amalidziwa kuti COSOMA ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, ndilo limayang'anira za ufulu umenewu. Kusukulu nako, wophunzira wopezeka atakopera ntchito ya wina amataya malikisi ndi ulemu womwe.

Kalembedwe kalikonse kali ndi gwero lake

Mfundo yofunika kwambiri m'mutu uno ndi iyi: mlembi wotchuka sadatole kalembedwe kake panjira. Kadachokera ku moyo wake, nthawi yake ndi anthu amene ankawalembera. Tiyeni tione zitsanzo.

Samuel Josia Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo lidatuluka mu 1933 ndipo lidapata mphotho pa mpikisano wa zolemba za m'ziyankhulo za mu Africa. Mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa atalimasulira T. Cullen Young. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo limafotokoza miyambo ya Achewa mwatsatanetsatane. Ntara ankalemba modekha ndi molangiza chifukwa adali mphunzitsi, adakulira m'miyambo imeneyo, ndipo ankalembera anthu amene ankaona chikhalidwe cha makolo chikukumana ndi Chikhristu. Wophunzira wa lero amene adabadwira ku Area 47, amene kumudzi amangopitako pa maliro, akayesa kulemba ngati Ntara amangotchula mayina a miyambo imene sadaionepo. Wowerenga wodziwa miyamboyo amamugwira bodza pa tsamba loyamba lomwe.

Jack Mapanje adatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981. Iye ndi anzake a gulu la alembi la ku Chancellor College, lomwe lidayamba mu 1970, ankalemba mophiphiritsa, pogwiritsa ntchito nyama, nthano ndi zining'a. Ankatero chifukwa nthawi imeneyo kunena zinthu poyera kudali koopsa. Ngakhale adabisa choncho, Mapanje adamangidwa mu 1987 ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Kuphiphiritsa kwawo kudali chishango. Wophunzira amene lero akulemba ndakatulo yosamveka pongofuna kuoneka wozama wanyamula chishango pomwe palibe nkhondo.

Steve Chimombo, yemwe adabadwira ku Zomba mu 1945 namwalira mu 2015, adaphunzira zolemba za Azungu mpaka kunja kwa dziko lino. Komabe chizindikiro chimene adadziwika nacho adachitenga pakhomo. Ndi Napolo, chinjoka chimene anthu amakhulupirira kuti chimakhala pansi pa phiri ndipo chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kusefukiritsa madzi, monga zidachitikira ku Zomba mu 1946. Chimombo adatenga chikhulupiriro cha kwawo nachisandutsa chida chofotokozera mavuto a dziko.

Kunja kwa Malawi nakonso zili chomwecho. Chinua Achebe wa ku Nigeria adalemba Things Fall Apart, lomwe lidatuluka mu 1958, m'Chingerezi chodzala ndi miyambi ya anthu a mtundu wake wa Igbo. Bukuli Malunga adalimasulira m'Chichewa pa mutu wakuti Chipasupasu. Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya adayamba ndi kulemba m'Chingerezi koma pambuyo pake adasankha kulemba nthano zake m'chiyankhulo cha kwawo cha Gikuyu kuti alimi ndi antchito wamba azimve.

Oimba akutiphunzitsanso zomwezi. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adamva nyimbo za kwela zochokera ku South Africa pamene banja lawo linkakhala ku Salisbury, komwe tsopano ndi Harare. Adaphunzira kayimbidweko, koma atabwerera kumudzi adakasakaniza ndi Chichewa komanso kaimbidwe ka gitala kawokawo mpaka adakaimba ku Ulaya. Akadangobwereza zimene adamva, bwenzi lero palibe wowakumbukira.

Anthu onsewa adaphunzira kwa ena, koma zonena zawo adazitenga pamene adaponda. Nanga inu mwaponda pati?

Mzinda wa Lilongwe ngati nkhokwe ya nkhani

Tiyeni titenge mzinda wa Lilongwe ngati chitsanzo. Ngati simukhala mumzindawu, chitani zomwezi ndi dera lanu. Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975 m'malo mwa Zomba. Omanga mzindawu adaugawa m'madera a manambala ndipo adasiya mitunda italiitali pakati pa dera ndi dera linzake. Chotsatira chake n'chakuti mumzinda umodzi muli maiko angapo, ndipo dziko lililonse lili ndi phokoso lake, fungo lake ndi kayankhulidwe kake.

Yambani ndi Old Town, komwe anthu amangoti "m'tauni." Imani pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe m'mawa. Mudzamva oitanira minibasi akupikisana mawu, oyendetsa kabaza akuliza mabelu ndi mahutala, komanso kuitana kwa kumzikiti. Yendani mumsewu wa Malangalanga cha kudepoti ndi kumsika waukulu. Onani mmene wogulitsa kaunjika amatambasulira malaya, mmene mayi wogula amanamizira kuchoka kuti amutsitsire mtengo, ndi mmene mnyamata wa pachiwaya amatembenuzira tchipisi uku akuyang'ana ngati kukubwera oyang'anira mzinda. Kumsika wa Tsoka kwakhala kukumangidwa timilatho ta mitengo tomwe munthu amalipira kuti awoloke. Funsani mumtima mwanu: kodi wotolera ndalama pakamlathopo amaganiza chiyani mitambo ya mvula ikayamba kuda kumtunda? Imeneyo ndi nkhani kale.

Kenaka pitani ku City Centre. Kuno zinthu zimayenda mwa mtundu wina. Kuli maofesi a boma ku Capital Hill, nyumba ya malamulo imene idatsegulidwa mu 2010, mabanki, maofesi a akazembe ndi laibulale ya National Library Service. Anthu amavala mataye ndi masuti ndipo amayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Koma yang'anitsitsani nthawi ya nkhomaliro. Ena amalowa m'malo odyera okwera mtengo, ena amakhala pansi pa mtengo ndi chimanga chootcha, ndipo ena amangoyendayenda kuti anzawo aziyesa adya. Onani bambo wachikulire amene wanyamula envulopu ya khaki yofwifwa, yemwe wachokera kutali kudzalondola ndalama zake za penshoni. Bwereraninso Lamlungu muone mmene malo omwewo amakhalira zii ngati kumanda.

Pomaliza, lowani kumayadi monga ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Kuno kuli mipanda italiitali ya njerwa, mageti achitsulo, mitengo ya maluwa ndi agalu ouwa osaoneka. Wodutsa mothamanga anganene kuti kulibe nkhani chifukwa kuli bata. Koma dzukani m'mamawa muone mzere wa anthu ochokera ku Kauma akulowera kumayadi a ku Area 12, kapena ochokera ku Mtandire akulowera ku Area 47: olera ana, ophika, osamalira maluwa. Nthawi yomweyo alonda akuweruka, mabulangete ali pamapewa. Anthu amenewa amadziwa zonse za m'nyumba za mabwana awo, pamene mabwanawo sadziwa ngakhale khomo la nyumba zawo. Ngati inu ndinu mwana wa kumayadi, musachite manyazi n'kuyamba kulemba za mudzi umene simuudziwa. Lembani za mwana amene amayankha agogo ake m'Chingerezi, agogowo n'kungoti kukamwa yasa. Lembani za geti limene limatsekera akuba kunja koma limatsekeranso inu mkati.

Palibe mlembi wotchuka amene adaima pamene inu mumaima tsiku ndi tsiku. Ichi ndicho chuma chanu.

Tiyerekeze ndime ziwiri

Werengani ndime ziwirizi. Zonse zikukamba za mayi amene ali ndi nkhawa.

Ndime A

Dzuwa lidali litapendeka ndipo mbalame zinkaimba mokoma m'mitengo. Mayi wokongola ngati mwezi, wa mano oyera ngati mkaka, adatuluka m'nyumba mtima wake utasweka. Paja akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndiponso adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Misozi idatsika m'masaya mwake ngati mtsinje.

Ndime B

Mayiyo adatuluka pageti la ku Area 12 nthawi ili 5 koloko, malipiro a mwezi atawamanga kunsonga ya chitenje. Mlonda adamuuza kuti adona anena kuti mawa abwere ndi makiyi onse, a kukhitchini omwe. Iye sadayankhe. Adadutsa mipanda itatu mpaka pamene tala amathera. Pamenepo adaima, navula nsapato zimene adona adamupatsa pa Khirisimasi, naziika m'jumbo. Kenaka adamasula mfundo ya chitenje ija, nawerenganso ndalamazo kachiwiri asanayambe ulendo wa ku Kauma.

Ndime A ilibe cholakwika pa malamulo a chiyankhulo. Ili ndi zifanifani zitatu ndi miyambi iwiri. Komabe siikutiuza kuti mayiyu ndani, ali kuti, kapena chamuvuta n'chiyani. Chifanifani chilichonse tidachimvapo kale. Miyambi iwiriyo yangounjikidwa popanda ntchito. Ndime imeneyi ikhoza kulembedwa ndi aliyense, choncho si ya aliyense.

Ndime B ilibe mwambi ngakhale umodzi, ndipo siikunena kuti mayiyo ali ndi nkhawa. Koma wowerenga akudziwa kuti ntchito yatsala pang'ono kutha chifukwa cha makiyi aja. Akudziwa kuti ndi wosauka chifukwa akusunga nsapato kuti zisathe. Akudziwa kuti akuwerengera za mawa chifukwa wawerenganso ndalama. Zonsezi zachokera pa kuona. Wolemba ndime imeneyi adayendapo mumsewu umenewo ndipo adaona pamene tala amathera.

Izi sizikutanthauza kuti nsinjiro za chiyankhulo n'zoipa. Mwambi uli ngati mchere: woyenera umakometsa ndiwo, wochuluka umaziwononga. Gwiritsani ntchito mwambi pamene mpangankhani weniweni akadaunena, ndipo chifanifani chanu chichokere m'dziko la nkhaniyo. Ngati nkhani ikuchitikira kudepoti, munthu wosakhazikika mtima mumuyerekeze ndi minibasi imene ikungosunthasuntha pasiteji koma osanyamuka.

Khutu la mlembi

Kupatula diso, mlembi amafunika khutu. Anthu sayankhula mofanana, ndipo mmene amaitanirana zimaonetsa msinkhu wawo, udindo wawo ndi chimene akufuna. Tamvani kukambirana uku:

"Amayi, tayesani iyi. Ndi saizi yanu ndithu."
"Iii, achimwene, nsapato imodzi yokha? Inzake ili kuti?"
"Ili ndi mnzanga kutsidyaku. Mukaikonda iyi tikaitenga."
"Ndiye ndilipirenso pamlatho chifukwa cha nsapato yanu?"
"Ayi amayi, pamlatho ndilipira ndine. Inu mungowonjezera pang'ono pamtengopo."

Palibe pamene mlembi wanena kuti wogulitsayu ndi wochenjera kapena kuti mayiyu sapusitsika. Mawu awo okha aonetsa zimenezo. Mukamalemba zokambirana, dzifunseni ngati munthu wotere angayankhuledi choncho. Mlonda sangaitane bwana wake kuti "iwe," ndipo anyamata awiri a pachiwaya sangapatsane moni ngati nduna za mfumu.

Pano pali chenjezo. Chichewa cha m'tauni chili ndi mawu ambiri obwereka ndi ena ongopeka achinyamata. M'nkhani yopeka mukhoza kuika mawu otere m'kamwa mwa mpangankhani ngati akuthandiza kuonetsa khalidwe lake. Koma mawu a inu wofotokoza nkhani, makamaka pa chimangirizo cha mayeso a MANEB, atsate malamulo a kalembedwe ka Chichewa. Kukhala ndi liwu lanu si chilolezo cholembera mosasamala. Woimba gitala amayamba wakunga bwino nsambo asanaonetse luso lake.

Njira zokuthandizani kupeza liwu lanu

1. Werengani alembi ambiri, osati mmodzi. Wowerenga mlembi mmodzi yekha amasanduka chithunzi cha mlembiyo. Werengani Ntara, John Gwengwe, E.J. Chadza, Jolly Max Ntaba, Willie Zingani, Whyghtone Kamthunzi ndi ena, ndipo muone mmene aliyense akusiyanirana ndi mnzake. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

2. Powerenga, funsani kuti "chifukwa chiyani?" Musangoti ndime iyi yakoma. Fufuzani chimene mlembi wachita kuti ikome ndi chimene chidamuchititsa kusankha njira imeneyo.

3. Khalani ndi kope la zoona ndi zomva. Tsiku lililonse lembanimo zinthu zitatu: chimene mwaona, chiganizo chimene mwamva munthu akunena, ndi funso limene labwera m'mutu mwanu. Pakutha pa teremu mudzakhala ndi nkhokwe imene wina aliyense alibe.

4. Simbani nkhani yanu pakamwa musanailembe. Muuzeni mnzanu kapena mng'ono wanu. Mawu amene mumagwiritsa ntchito posimba ndi amene ali pafupi ndi liwu lanu lenileni.

5. Mukamaliza kulemba, dulani mzere kunsi kwa chiganizo chilichonse chimene mukuganiza kuti mudachimvapo kwina. Kenaka dzifunseni chimene mudaona ndi maso anu, ndipo mulembe chimenecho m'malo mwake.

6. Werengani ntchito yanu mokweza. Pamene lilime lapunthwa, kapena pamene mwayamba kusintha mawu kuti mumveke ngati mlakatuli wina wa pa wailesi, pamenepo pali pofunika kukonza.

7. Patsani ena ntchito yanu kuti aiunike. Mutu umodzi susenza denga. Gulu la alembi la pasukulu panu likhoza kukuthandizani monga momwe gulu la ku Chancellor College lidathandizira alembi a nthawi ija. Funso loyenera kufunsa anzanu ndi lakuti, "Kodi ndi pati pamene pakumveka ngati ine, nanga ndi pati pamene pakumveka ngati munthu wina?"

8. Dekhani. Liwu silibwera ndi nkhani imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani zanu zoyamba zidzakhalabe ndi fungo la alembi amene mumawakonda, koma mukamalembabe za zinthu zimene mukuzidziwa, fungolo lidzanka lichepa.

Kuumba mkota

M'mutu uno taona kuti liwu la mlembi limapangidwa ndi mawu amene amasankha, ziganizo zimene amaumba, zinthu zimene amaona ndi mtima umene amaonera nawo anthu. Taona kuti kuphunzira kwa ena n'kofunika, kutsanzira ndi poyambira chabe, ndipo kuba ndi mlandu. Taonanso kuti kalembedwe ka Ntara, Mapanje ndi Chimombo kadachokera ku nthawi ndi malo awo. Ulemu waukulu umene mungawapatse alembi amenewa ndi kuchita zimene iwo adachita: kuyang'anitsitsa dera lanu, kumvetsera anthu anu, ndi kulemba zoona zimene mwapeza.

Ntchito

1. Fotokozani tanthauzo la liwu la mlembi m'mawu anuanu.
2. Tchulani zinthu zinayi zimene zimapanga liwu la mlembi. Ndi ziti mwa izo zimene munthu sangabwereke? Perekani chifukwa.
3. Siyanitsani kutsanzira ndi kuba ntchito ya mlembi wina.
4. N'chifukwa chiyani alakatuli a nthawi ya Jack Mapanje ankalemba mophiphiritsa?
5. Werenganinso Ndime B. Tchulani zinthu zitatu zimene mwadziwa za mayiyo ngakhale mlembi sadazinene mwachindunji.
6. Lembaninso Ndime A kuti ichitikire pamalo enieni amene mumawadziwa. Musagwiritse ntchito chifanifani chilichonse chimene chili m'ndimeyo.
7. Khalani pamalo amodzi a m'dera lanu, monga pamsika, pasiteji ya minibasi kapena pageti la sukulu, kwa mphindi 20. Lembani zimene mwaona ndi kumva, kenaka mupange nkhani yaifupi ya mawu osapitirira 300.
8. M'magulu, sinthanani nkhani zanu mutabisa mayina. Yesani kulota mwini wa nkhani iliyonse ndipo mufotokoze chimene chakuthandizani kumuzindikira.